Mchere Umene Unasanduka Paipi

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu)

Nthawi yathu yakwana yoti tikambirane za zinthu zimene zimatitumikira tsiku ndi tsiku ife osafunsako kumene zinachokera, ndipo lero ndasankha chinthu chimene ambiri mwachikhudza kale chitulukireni dzuwa, ngakhale simunachitchule dzina. Ngati m'mawa uno mwatunga madzi pamjigo kapena pampopi, ngati mwayatsa getsi, ngati mwavala jombo zamvula popita kudimba, kapena mwatapa ndalama kubanki ndi kakhadi kaja, ndiye kuti wakutumikirani pulasitiki amene akatswiri amamutcha polyvinyl chloride, amene mapulambala ndi ogulitsa m'mahadiweya amangomuti PVC.

Tiyambe tachotsa chisokonezo chimodzi, pakuti tazolowera kunena kuti pulasitiki ndi pulasitiki basi. Si choncho ayi. Majumbo opyapyala aja amene boma la Malawi linaletsa mu 2015, pamodzi ndi zigubu zambiri zotungira madzi, ndi a mtundu wotchedwa polyethylene. Mabotolo a zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi a mtundu winanso. PVC naye ali ndi chibadwa chakechake. Pa kuchuluka kwa mapulasitiki opangidwa padziko lapansi iye ndi wachitatu, ndipo chaka ndi chaka mafakitale amatulutsa matani ake oposa 40 miliyoni, amene pafupifupi theka lake limathera ku mapaipi okhaokha.

Chimene chimamusiyanitsa ndi anzake ndi ichi, ndipo ndikupemphani muchisunge mumtima, chifukwa zonse zimene ndinene madzulo ano zatsamira pa icho: pamene mapulasitiki ena ambiri amachokera ku mafuta a pansi pa nthaka okha, PVC mbali yake yaikulu ndi ya mchere, mchere womwewu umene amayi amathira m'ndiwo. Kumafakitale amausungunula m'madzi, nadutsitsamo magetsi amphamvu, ndipo mcherewo umagawanika. Uku kumatuluka soda woyabwa amene amapangira sopo, uku kumatuluka mpweya wachikasu wobanikitsa wotchedwa klorini, dzina limene simuli nalo alendo, popeza ndi mankhwala a klorini amene azaumoyo amagawa m'midzi matenda a kolera akabuka. Klorini ameneyu amamukumanitsa ndi mpweya wina wotchedwa ethylene, wochokera ku mafuta kapena ku gasi wa pansi pa nthaka, ndipo chotulukapo chake akachitenthetsa kufika madigiri pafupifupi 500 pamabadwa mpweya wachitatu, vinyl chloride. Ku China, kumene malasha ndi ochuluka, ambiri amafika pa mpweya womwewu podzera njira ina, ya malasha ndi laimu. Tsono mpweyawo amautsekera m'mathanki akuluakulu okhala ndi madzi, nautakasa kwa maola angapo, kufikira tizigawo take tosaoneka ndi maso titagwirana ndi kulumikizana mazanamazana, monga mikanda yotungidwa pa ulusi umodzi wautali. Ndipo akatsanula madziwo naumitsa chotsalacho, amapeza ufa woyera mbee. Ufa umenewo ndiwo PVC, ndipo pa makilogalamu 100 aliwonse a ufawo, pafupifupi makilogalamu 57 ndi klorini.

Musaganize kuti nzeru imeneyi inatulukiridwa tsiku limodzi. Mu 1835 Mfalansa wina wodziwa za mankhwala, Henri Victor Regnault, anapanga mpweya uja wa vinyl chloride. Mu 1872 Mjeremani Eugen Baumann anasiya botolo la mpweyawo padzuwa, napezamo chinthu choyera cholimba chimene sanachionere ntchito. Ndipo mu 1913 Mjeremani winanso, Fritz Klatte, analembetsa kuboma njira yake yopangira chinthucho, koma kampani imene ankagwirako ntchito inaitaya patapita zaka, itaona kuti palibe phindu. Sanali anthu opusa amenewa. Vuto linali lakuti ufawo paokha ndi wosamvera: ukauuma umakhala wophwanyika msanga, ndipo ukautenthetsa kuti uuumbe umayamba kupserera ndi kutulutsa mpweya wa asidi usanasungunuke bwino. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munali mu 1926, patatha zaka zoposa 50 chiikireni Baumann botolo lake padzuwa, pamene Waldo Semon, wa kampani ya matayala ya B.F. Goodrich mumzinda wa Akron ku America, amene ankafunafuna chomatira labala ku chitsulo, anatenthetsa ufawo pamodzi ndi mankhwala ena amadzimadzi, ndipo utazizira anapeza chinthu chofewa, chopindika, chosalowa madzi. Mankhwala ofewetsawo amalowa pakati pa maulusi a mikanda aja nawalekanitsa pang'ono, kotero kuti amatha kutsetsereka pa anzawo m'malo mogwirana gwa.

Kuchokera pamenepo PVC anakhala wa mitundu iwiri, ndipo mitundu yonse iwiri muli nayo pakhomo panu. Wopanda chofewetsa ndiye wolimba uja wa mapaipi, makonduwiti a mawaya, magatala a madzi amvula, mafelemu a mawindo ndi masiling'i amene afala masiku ano m'nyumba za m'tauni. Pa paipi mumaona atalemba uPVC, ndipo chilembo choyambacho chikunena kuti sanathiremo chofewetsa. Wothira chofewetsa ndiye wa chikopa cha mawaya a magetsi, mapaipi othirira maluwa, jombo, majasi amvula, matenti ophimbira katundu pamalole, ndi zoyala pansi m'zipatala. Mitundu yonse iwiri amaithiranso mankhwala ena oiteteza kuti isapserere poiumba, ndipo za mankhwala amenewa ndinenapo kutsogoloku, pakuti pali mlandu.

Tsono klorini uja amachita chiyani m'thupi la pulasitiki ameneyu? Choyamba amamulemetsa. Mukadula kachidutswa ka paipi ya PVC ndi kukaponya m'ndowa ya madzi, kamamira, chifukwa PVC amalemera pafupifupi kamodzi ndi theka kuposa madzi. Koma kachidutswa ka chigubu kamayandama. Chachiwiri, ndipo ichi n'chachikulu, klorini sakondana ndi moto. Paipi ya PVC mukaiika pa lawi imapsa ndithu, koma mukaichotsa pamotopo kawirikawiri imazima yokha, pamene jumbo imapitiriza kuyaka ndi kudontha. Onjezanipo kuti magetsi sadutsa mwa iye, ndipo mudziwa chifukwa chake m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Japan italanda minda ya labala ya ku Malaya mu 1942, mayiko a azungu anayamba kukutira mawaya a m'sitima zawo zankhondo ndi PVC, ndipo nkhondo itatha sanabwererenso ku labala. Chachitatu, sachita dzimbiri, sadyedwa ndi madzi amchere, ndipo asidi ndi soda wambiri amene amatha chitsulo iye samugonjetsa. N'chifukwa chake m'mafakitale a mankhwala, m'migodi ndi m'mipope ya zonyansa za m'mizinda mumamupeza ali pantchito imene chitsulo chikanailephera m'zaka zowerengeka. Ku Germany anayamba kukwirira mapaipi otere m'zaka za m'ma 1930, ndipo ena mwa iwo atafukulidwa patadutsa zaka zoposa 50 anapezeka akadali amphamvu.

Koma ali ndi adani ake awiri, kutentha ndi dzuwa. Paipi wamba ya PVC siyenera kunyamula madzi otentha kuposa madigiri 60, ndipo ikafika cha m'ma 80 imayamba kulobodoka. Choncho amene amalumikiza paipi yotere ku giza wakonza tsoka ndi manja ake, popeza ntchito imeneyo ili ndi mtundu wake wapadera wotchedwa CPVC, umene anauonjezera klorini, kapena mapaipi a mkuwa. Dzuwa nalo limaidya pang'onopang'ono. Paipi yosiyidwa pamtetete miyezi yambiri imasintha mtundu, khungu lake limauma, ndipo tsiku lina ng'ombe ikaiponda kapena mwana akaigenda ndi mwala imasweka. Malo a paipi imeneyi ndi m'nthaka kapena m'khoma, ndipo pamene palibe kuchitira mwina koma kuti ionekere, iyenera kupakidwa penti kapena kuphimbidwa.

(Nyimbo pang'ono)

Tibwere kwathu tsopano, chifukwa dziko la Malawi lili ndi mbiri yake ndi pulasitiki ameneyu, mbiri imene ndimaona kuti sitiikamba mokwanira. Mu 1968 ku Chingale, m'boma la Zomba, kunayambika ntchito yotenga madzi a m'mitsinje ya m'phiri ndi kuwatsitsira kumidzi ya m'chigwa popanda injini kapena pampu, madziwo akuyenda okha ndi mphamvu ya kutsetsereka kwa malo. Ndipo ntchitoyo itaoneka kuti yatheka inafalikira ku Mulanje, ku Phalombe ndi m'maboma ena ambiri. Boma ndi abwenzi ake ankabweretsa mapaipi ndi amisiri, koma ngalande, zotalika makilomita ambirimbiri, ankakumba ndi eni mudzi okha ndi makasu awo, mudzi uliwonse chigawo chake, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndikufuna muone apa chimene kupepuka kwa paipi kunachita. Paipi ya chitsulo yotalika mamita 6 ndi katundu wofuna amuna angapo, ndipo kuilumikiza kumafuna zida ndi mmisiri wophunzira. Koma ya PVC yotalika chimodzimodzi, ya kukula kumene kumafika m'midzi, mayi mmodzi amaisenza nayenda nayo m'kanjira kamene galimoto singadutse, ndipo kuilumikiza kwake munthu wa m'mudzi amakuphunzira m'masiku ochepa. Ntchito yodzithandiza ija inatheka chifukwa chipangizo chake chinali choti manja a anthu wamba angachithe.

Chimodzimodzinso mjigo. Mijigo yakale inali ndi mapaipi a chitsulo otsikira m'chitsime, ndipo kumene madzi a pansi ali ndi asidi, chitsulocho chinkachita dzimbiri, madzi nafiira ndi kununkha, mpaka amayi ankabwerera kumtsinje. Ndiponso kalabala kakang'ono ka pansi kakatha, pankafunika gulu la amisiri ochokera kuboma, ndi galimoto ndi zokwezera zolemera, kuti azule mapaipi onse, ndipo mudzi unkadikira miyezi. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri ogwira ntchito m'Malawi muno, makamaka ku chigwa cha Livulezi m'boma la Ntcheu, anayamba kukonza mjigo woti anthu a m'mudzi azitha kuukonza okha. Poyamba unkatchedwa Maldev. Ntchitoyo inapitirira ku Kenya, ndipo kunatuluka mjigo wa Afridev umene lero uli m'midzi yambiri ya Malawi, Mozambique ndi mayiko ena a mu Africa. Chinsinsi chake n'chakuti paipi yokwezera madzi ndi ya PVC, yotakata mokwanira kuti ndodo ndi zipangizo zonse za pansi zituluke kudzera m'kati mwake, paipiyo ili chikhalire m'chitsime. Motero amayi awiri kapena atatu a m'komiti ya mjigo, atanyamula sipanala imodzi ndi kachitsulo kokolera, amatha kusintha labala wakutha m'mawa umodzi, madzulo anthu n'kumatunga.

Popeza ena mwa inu ndinu mapulambala, kapena mukumanga nyumba ndipo mudzalemba pulambala, ndiloleni ndichedwepo pang'ono pa kagwiritsidwe ntchito kake, chifukwa mapaipi ambiri amene amaphulika saphulika chifukwa cha kuipa kwa PVC. Pa paipi iliyonse ya madzi pamalembedwa kalasi yake, monga 6, 10 kapena 16, ndipo nambalayo ikunena mphamvu ya madzi imene paipiyo ingapirire: kalasi 6 ndi ya madzi otsika kuchokera pamtunda wa mamita pafupifupi 60, kalasi 10 mamita 100, motero motero. Wogula paipi yopyapyala ya madzi otayika kubafa chifukwa ndi yotsika mtengo, naiika pa mzere wa madzi a mpopi, adzakumba kawiri; safunsa anadya phula. Ngalande ikhale yakuya bwino, pansi pake payalidwe mchenga kapena dothi lofewa lopanda miyala, pakuti kamwala kosongoka kotsamira paipi kamaiboola mwakachetechete m'kupita kwa zaka. Ndipo guluu wa mapaipi uja sagwira ntchito monga guluu wa mapepala. Iye amasungunula khungu la mbali zonse ziwiri kuti zikauma zikhale thupi limodzi. N'chifukwa chake paipi iyenera kudulidwa mowongoka, m'mphepete mwake kupalidwa, fumbi ndi chinyontho kupukutidwa, ndipo mukalumikiza muleze mtima, makamaka tsiku lathunthu, musanatsegulire madzi amphamvu. Pali chizolowezi china chofala chimene ndikuchidandaula poyera, chowotcha nsonga ya paipi pa moto wa mapepala kapena wa udzu kuti ifutukuke ndi kulowetsamo inzake, pofuna kupulumutsa ndalama ya soketi. Malo owotchedwawo amapyapyala, amapserera, ndipo ndi pomwepo pamene padzayambire kudontha. Kuonjezera apo mmisiriyo amakhala ataweramira utsi umene sayenera kuupuma.

Za ntchito zake zina ndingodutsamo mwachangu, ngakhale ziwiri ndi zoyenera kuziimirira. Kale magazi operekedwa kuchipatala ankasungidwa m'mabotolo agalasi, olemera ndi osweka. Mu 1950 madokotala awiri a ku Boston, Carl Walter ndi William Murphy, anakonza thumba la PVC wofewa losungiramo magazi, ndipo kufikira lero matumba a magazi ndi timapaipi ta dilipi tambiri ndi ta pulasitiki ameneyu. Mayi amene wataya magazi pobereka napulumuka chifukwa thumba lafika msanga pa njinga yamoto kuchokera kuchipatala chachikulu, wathandizidwa ndi ufa woyera uja. Ndipo ife a pawailesi tili naye mangawa athu, pakuti mbale zakuda za nyimbo zimene kampani ya Columbia inayamba kutulutsa mu 1948, zimene zinkaimba mphindi zoposa 20 mbali imodzi pamene zakale zinkatha m'mphindi zosapitirira zisanu, zinali za mtundu wa PVC, ndipo ndi mbale zotere zimene nyumba zoulutsira mawu zinkaimba kwa zaka zambiri makaseti asanabwere.

Komatu walira mvula walira matope, ndipo ndikanakhala wosakhulupirika kwa inu ndikanabisa mbali yowawa ya nkhaniyi. Mu Januwale 1974 kunadziwika kuti pa fakitale ya B.F. Goodrich mumzinda wa Louisville ku America, antchito atatu anamwalira ndi khansa ya chiwindi ya mtundu wosowa kwambiri, moti dokotala John Creech, amene ankaona antchitowo, anazindikira kuti sizingakhale zongochitika. Ku Bologna, m'dziko la Italy, Cesare Maltoni anali ataona kale khansa yomweyo pa makoswe opumitsidwa mpweya wa vinyl chloride. Ovutika koposa anali amuna amene ankalowa m'mathanki aja kukapala zotsalira ndi manja, akupuma mpweyawo tsiku ndi tsiku kwa zaka. Chaka chomwecho boma la America linatsitsa mlingo wa mpweyawu wololedwa m'fakitale kuchoka pa magawo 500 kufika pa gawo limodzi lokha mwa magawo miliyoni a mpweya, ndipo makampani amene ankati lamulo lotere liwatseketsa anapeza njira yolitsatira, napitiriza malonda awo. Mvetsetsani bwino apa, kuti pasakhale wochoka pa wailesi ndi mantha a madzi a pamjigo: choopsacho ndi mpweya umene PVC amapangidwa nawo, ndipo paipi yopangidwa motsatira miyezo ya madzi akumwa imatuluka m'fakitale mpweyawo atauchotsamo mpaka kutsala kochepetsetsa. Chofunika kwa ife ogula ndi kuona kuti paipi ya madzi akumwa ili ndi chizindikiro cha bungwe loona za miyezo, monga Malawi Bureau of Standards kwathu kuno.

Mlandu wachiwiri ndi wa zosakaniza zija. Kwa zaka zambiri mankhwala oteteza PVC kuti asapserere anali a mtovu ndi cadmium, zitsulo zimene zimaononga ubongo wa ana ndi impso za akulu. Mafakitale a mu European Union anasiya cadmium mu 2001 ndipo mtovu anausiya pofika 2015, koma si mayiko onse amene achita chimodzimodzi. Zofewetsa nazo, makamaka za gulu lotchedwa phthalates, sizimangika zolimba m'pulasitiki, ndipo zimatuluka pang'onopang'ono, n'chifukwa chake waya wakale amauma ndi kung'aluka. Mu 1999 mayiko a ku Ulaya omwewo analetsa zina mwa izo m'zidole zofewa zimene ana osakwana zaka zitatu amaika m'kamwa. Kholo logula kachidole kofewa konunkha pulasitiki kwambiri, kopanda dzina la wopanga, lichite bwino kusampatsa khanda loyamba kumera mano.

Mlandu wachitatu ndiwo uli m'manja mwathu enife, ndipo ndi wa moto. Klorini yemwe uja amene amaletsa paipi kuyaka, mukaikakamiza kupsa pa dzala pamodzi ndi zinyalala zina amatuluka ngati mpweya wa asidi umene umalasa m'maso, kukhosi ndi m'mapapo. Ndipo pa moto wofuka wa padzala, umene sutentha mokwanira monga ng'anjo za m'mafakitale, pamapangikanso ziphe zotchedwa dioxin, zimene sizitha msanga, zimatsalira m'phulusa ndi m'dothi, nkhuku zotolatola pamenepo n'kuzitengera m'mazira ndi m'mafuta a nyama yake. Ziphe zimenezi zili m'gulu la zimene mayiko anagwirizana kuzichepetsa pa pangano la ku Stockholm la mu 2001. Ndikuganiza makamaka za anyamata a m'matauni athu amene amatolera mawaya akale nawaunjika pa moto wa matayala kuti chikopa chipse atsale ndi mkuwa wokagulitsa kwa ogula zitsulo. Sindikuwanyoza, pakuti akufuna chakudya cha tsikulo, ndipo mkuwa uli ndi mtengo. Koma utsi wakuda umene amaimamo maola ambiri ndi umodzi mwa utsi woipitsitsa umene munthu angapume, ndipo umalowanso m'nyumba za oyandikana nawo. Waya yemweyo akhoza kusendedwa ndi mpeni, kapena ndi kalumo kokhomeredwa pa thabwa kamene waya amakokedwa pansi pake. Ntchitoyo imachedwerapo, koma mkuwa wosendedwa umatuluka wowala, wosapserera, ndipo ogula ambiri amaulipira bwino kuposa wowotcha.

Kuti mumuzindikire PVC pakati pa zinyalala za pakhomo, yang'anani kachizindikiro ka mivi itatu yozungulira kokhala ndi nambala 3 m'kati mwake; pamene palibe chizindikiro, mapaipi otuwa ndi oyera a madzi, makonduwiti, zidutswa za siling'i, chikopa cha mawaya, jombo zakutha ndi matenti akale muziyese PVC ndithu, ndipo musaziponye pamoto, kapena kuyatsira mbaula, kapena kuotchera njerwa. Zidutswa za mapaipi zoyera bwino mafakitale ena amazilandira, nazipera ndi kuumbanso makonduwiti ndi mapaipi a madzi otayika; ndipo kumene kulibe wozilandira, kuziika padera kapena kuzikwirira kutali ndi chitsime n'kwabwino kuposa kuzitentha.

Nthawi yathu yathera pomwepa.

(Nyimbo yotsekera pulogalamu)